Shuga: kumene amachokera, ntchito yake ndi muyezo wake pa chakudya cha pabanja

Mawu a mlangizi pa phunziro lapadera la kadyedwe koyenera

 Munda tayendera, ndipo magulu onse apereka zimene apeza. Nthawi yatsalayi ndi ya phunziro lapadera, ndipo mutu munasankha nokha: shuga. Mafunso munabweretsa anali osiyanasiyana. Ena munafunsa ngati kumwa tiyi wotsekemera ndiko kumabweretsa matenda a shuga. Ena munati popeza m'shuga anathiramo vitamini A, ndiye kuti kudya wambiri n'kwabwino. Amayi ena anafunsa za phala la mwana. Tiyesa kuyankha onsewa, koma poti ndife alimi, tiyambire ku munda.

Shuga sapangidwa ku fakitale. Fakitale imangomuchotsa mu nzimbe n'kumuumitsa. Amene amapanga shuga ndi tsamba lobiriwira. Tsamba limatenga madzi ochokera ku mizu, mpweya wa m'mlengalenga ndi kuwala kwa dzuwa, n'kupanga shuga woti mbewu idzidyetse nayo. Mbewu iliyonse m'munda mwathumu ikuchita zimenezi pano tikukambamu. Kusiyana kwake kuli pa kasungidwe. Chimanga chimatumiza shuga wake ku chisononkho n'kumusandutsa ufa. Chinangwa ndi mbatata zimasunga pansi. Nzimbe ndi misale zimasunga mu phesi, ndipo sizimusandutsa ufa, n'chifukwa chake zimatsekemera mukangoluma.

Zimenezi mumazidziwa kale, kungoti mwina simunazilumikize. Chimanga chachiwisi chothyola m'mawa n'kuphika nthawi yomweyo chimatsekemera, koma chikagona masiku awiri kukoma kuja kumachepa, chifukwa shuga wake wayamba kusanduka ufa. Nthochi imayenda mobwerera: yaiwisi ndi ufa, ikamapsa ufa uja umasanduka shuga. Mbatata yoti yakhalitsa mutakumba imatsekemera kuposa yongokumba kumene. Ndipo a gulu lachiwiri, nyerere zimene munaziona zikukwera pa khobwe wogwidwa ndi nsabwe zija sizikudya mbewu ayi. Nsabwe zikamayamwa madzi a mbewu zimatulutsa timadzi totsekemera, ndiye nyerere zimalondola timadzi timeneto. Mukaona mzere wa nyerere pa mbewu, tembenuzani masamba.

Nzimbe si mbewu ya makolo a kuno, ngakhale tinaizolowera. Anthu anayamba kuilima zaka masauzande angapo zapitazo pa chilumba cha New Guinea, kumpoto kwa Australia, ndipo ankangotafuna ngati mmene timachitira ife. Anthu a ku India ndi amene anapeza njira yowiritsa madzi ake mpaka kuuma n'kukhala timibulu. Luso limeneli linapita ku Persia, Aluya analitenga n'kulifalitsa mpaka ku Egypt ndi ku Spain. Ngakhale dzina linayenda njira yomweyo. Ku India ankati sharkara, Aluya n'kumati sukkar, Aswahili amati sukari, ife tinatengera kwa Angerezi n'kumati shuga. Ku Ulaya, kwa zaka mazana ambiri, shuga anali wodula kwambiri moti ankadya ndi olemera okha, ndipo ankagulitsidwa ngati mankhwala.

Zinthu zinasintha pamene Christopher Columbus anatenga mbewu ya nzimbe kupita nayo ku zilumba za Caribbean mu 1493. Kumeneko ndi ku Brazil nzimbe inachita bwino, koma ntchito yodula ndi kufinya ndi yowawa, ndipo eni minda sanafune kulipira aganyu. Anagula akapolo. Anthu mamiliyoni anatengedwa mu Africa, ndipo ambiri a iwo anakafera m'minda ya nzimbe. Nkhaniyi imatikhudza. Ena mwa anthu amene anagwidwa m'madera athu ano n'kutulukira ku madoko a ku Mozambique monga Quelimane anakathera m'minda ya nzimbe ya ku Mauritius, Réunion ndi Brazil. Shuga anatsika mtengo ku Ulaya chifukwa amene ankamulima sankalandira kanthu.

Kumayiko ozizira nzimbe simera, choncho amalima mbewu ina ya muzu yotchedwa beet. Katswiri wina wa ku Germany, Andreas Marggraf, anapeza mu 1747 kuti muzu umenewu uli ndi shuga wofanana ndi wa mu nzimbe. Komabe mpaka lero shuga wochuluka pa dziko lonse amachokera ku nzimbe, ndipo dziko limene limapanga wambiri ndi Brazil.

Kuno kwathu fakitale yoyamba inamangidwa ku Nchalo m'boma la Chikwawa chapakati pa zaka za m'ma 1960, pansi pa kampani ya Lonrho. Ya ku Dwangwa, ku Nkhotakota, inatsatira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kampani ya Illovo inatenga mafakitale awiriwa mu 1997, ndipo pambuyo pake kunabwera ina ku Salima. Alimi ang'onoang'ono, monga a ku Kasinthula ndi a ku Phata m'boma la Chikwawa, amalima nzimbe m'magulu n'kumagulitsa ku fakitale. Agogo a ambiri a ife anakula osadziwa paketi ya shuga. Chotsekemera chawo chinali uchi, misale, nzimbe ya ku dimba, masuku, masawu ndi thobwa. Paketi ya shuga m'nyumba ya kumudzi ndi chinthu cha dzulodzuloli.

Ku fakitale zimayenda chonchi. Nzimbe ikakwana pafupifupi chaka amaidula, kawirikawiri atayamba awotcha masamba, n'kuthamangira nayo ku makina, chifukwa ikakhalitsa shuga wake amawonongeka. Amaiphwanya ndi kuifinya. Madzi ake amawathira laimu kuti zinyalala zidikhe, kenako amawawiritsa mpaka atalimba ngati uchi n'kuyamba kupanga timibulu. Makina ozungulira mwaliwiro amalekanitsa timibulu tija ndi madzi akuda omata otchedwa molasesi. Zotsalira za mapesi amasonkhezera moto wa fakitale yomweyo, ndipo molasesi amapangira ethanol wosakaniza ndi petulo. Pa matani 10 a nzimbe pamatuluka shuga wongopitirira pang'ono tani imodzi.

Nambala imeneyi muigwire, chifukwa ikutiuza kanthu za thupi lathu. Phesi la nzimbe ndi madzi kwambiri ndi zikamba zolavula. Kuti mudye shuga wochuluka kudzera mu nzimbe pamafunika kusenda, kutafuna, kulavula, mpaka nsagwada zitatopa. Nsagwada ndi zimene zimakuletsani. Fakitale inachotsa ntchito yonseyo. Zimene mukanatafuna kwa nthawi yaitali zimalowa m'kapu ndi masupuni ochepa, n'kumeza kamodzi. Ndipo chimene chatsala m'paketi ndi mphamvu yokhayokha. Mulibe zomanga thupi, mulibe zowonjezera magazi, mulibe gaga. Shuga wa bulawuni, amene ena amati ndi wa thanzi, ali ndi kamolasesi pang'ono kotsalira, koma kusiyana kwake ndi woyera n'kochepa moti thupi silingapindule nako.

Izi sizikutanthauza kuti shuga alibe ntchito. Ali nayo, ndipo ina ndi yopulumutsa moyo.

Mwana akatsegula m'mimba, chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Madzi okha salowa msanga m'matumbo odwala, koma mukaphatikiza shuga ndi mchere pa muyezo woyenera, shuga amathandiza mchere kulowa ndipo madzi amatsatira. Umu ndi mmene Thanzi ORS amagwirira ntchito. Paketi ya ku chipatala kapena ya kwa alangizi a zaumoyo ndiyo yabwino, chifukwa muyezo wake ndi wolondola. Koma kukakhala usiku, paketi palibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, thiranimo masupuni aang'ono 6 a shuga osefa ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Osefa ndikutanthauza kudutsitsa mpeni pamwamba pa supuni, osati kuunjika. Mukachulutsa shuga kutsegula kumawonjezeka, mukachulutsa mchere mumuvulaza mwana. N'chifukwa chake zakumwa za m'botolo si mankhwala a kutsegula m'mimba. Kukacha pitani naye ku chipatala.

Ntchito ina ndi kusunga zipatso. Chaka ndi chaka mango amawolera pansi pa mtengo mu Disembala, tomato amatayidwa pa msika mtengo ukagwa. Shuga wambiri amakoka madzi, kotero tizilombo towoletsa timalephera kuswana. Mukawiritsa zipatso zosenda ndi shuga wolemera pafupifupi mofanana, n'kufinyiramo mandimu, mpaka dontho lake litaleka kuyenderera pa mbale yozizira, mumapeza jamu wotha kukhala miyezi m'botolo lowiritsidwa bwino ndi lotsekedwa. Mango, mapapaya, magwafa, tomato ngakhale chidede zimatheka. Koma ndinene mosabisa: jamu ndi malonda kapena chopaka pang'ono pa buledi, salowa m'malo mwa chipatso. Ngati cholinga ndi kudyetsa banja m'miyezi yopanda zipatso, kuyanika mango ndi nthochi n'kotsika mtengo ndipo sikulira shuga.

Amayi ophika mandasi mukudziwa kuti yisiti amadya shuga n'kutulutsa mpweya umene umafufumitsa ufa, ndipo shuga yemweyo ndi amene amapsetsa kunja kuti kufiire. Pa thobwa mpamene pali phunziro lokoma. Mapira, mawere kapena chimanga zikamera, mbewu imatulutsa mphamvu yosungunula ufa wake kukhala shuga kuti mphukira idye. Mukathira chimera m'phala lofunda, mphamvu ija imasungunula ufa wa m'phalamo, phala limapyapyala ndi kutsekemera. Thobwa wa chimera chabwino amatsekemera yekha. Masiku ano ambiri amafulumira, amachepetsa chimera, kapena amathira phala likadali lotentha kwambiri n'kupha mphamvu ija, kenako n'kukwirira cholakwacho ndi theka la paketi. Funsani agogo ali panowa ngati ankatero.

Tsopano tibwere pa mbale. Tinaphunzira magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Shuga wa m'paketi alibe gulu lake pamenepo. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu imene amapereka timaipeza kale mu nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata, zimene zikafika m'mimba zimasanduka shuga pang'onopang'ono. Munthu akhoza kukhala moyo wake wonse wathanzi osalawa shuga wa m'paketi. Sangakhale wathanzi osadya ndiwo.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linapereka muyezo mu 2015. Linati shuga wochita kuthira, kuphatikizapo uchi ndi madzi ofinya a zipatso, asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu amadya pa tsiku, ndipo kuchepetsa mpaka theka la pamenepo n'kwabwino koposa. Kwa munthu wamkulu zimenezi ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono osefa 12 pa tsiku, ndipo muyezo wabwinowo ndi masupuni 6. Kwa mwana ndi ochepera apo, poti amadya zochepa. Shuga wa mu chipatso chathunthu ndi mu mkaka sawerengedwa, chifukwa amabwera limodzi ndi zina zofunika ndipo amalowa m'magazi mosathamanga.

Masupuni 12 akuoneka ambiri, koma tiyeni tiwerenge. Supuni younjika imatha kukwana ziwiri zosefa. Abambo amene amathira zounjika zitatu m'kapu afika kale pa 6, ndipo akabwereza kapu afika pa 12 asanagwire khasu. Botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi masupuni pafupifupi 8. Onjezerani mandasi, bisiketi ndi tijuwisi tosungunula, muona kuti pa tsiku la msika muyezo umadutsidwa dzuwa lisanafike pa liwombo. Ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri shuga amaoneka mwa apo ndi apo, ndipo m'miyezi ya njala saoneka n'komwe. Vuto limabwera tikagulitsa mbewu. Ndalama ikalowa, paketi imatha masiku ochepa, pamene mazira ndi nsinjiro zapita ku msika.

Apa mpamene ndikufuna tikhalitse, pa nkhani ya ana. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Kupinimbira sikubwera chifukwa cha njala yokha. Mwana akhoza kukhuta tsiku lililonse koma osakula, ngati chimene chikumukhutitsa chilibe zomanga thupi. Mimba ya mwana wa chaka chimodzi ndi yaing'ono ngati chibakera chake. Mukaidzaza m'mawa ndi tiyi wa shuga kapena phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi shuga, mwana amasiya kulira, mayi n'kuganiza kuti wadya. Wamwa madzi otsekemera basi, ndipo masana akana ndiwo. Tiyi ali ndi vuto linanso: akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatchinga thupi kutenga zowonjezera magazi za mu nyemba ndi masamba. Mwana wamng'ono sayenera kumwa tiyi, ndipo amayi oyembekezera azimwa patapita nthawi atadya.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, popanda madzi a shuga ngakhale akulira. Kuyambira miyezi 6, phala likhale la mgaiwa, lolimba losayenderera pa supuni, lothira nsinjiro, ufa wa soya, dzira, usipa wosinja kapena masamba osinja, ndi kadontho ka mafuta. Mukafuna kuti litsekemere, potsani nthochi yakupsa, papaya, dzungu kapena mbatata yofiira mkati. Mwana amene sanazolowere shuga saufuna. Ndife akuluakulu amene timalawa phala lake n'kunena kuti silikukoma. Uchi musampatse mwana wosakwana chaka, chifukwa nthawi zina umakhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato.

Nanga za vitamini A? N'zoona kuti shuga wopangidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, ndipo Zambia inayamba kutero isanafike Malawi, mu 1998. Anasankha shuga chifukwa amafika pafupifupi m'nyumba iliyonse. Choncho mukamagula, gulani amene paketi yake yalembedwa kuti muli vitamini A, ndipo musunge m'chitini chotseka, chifukwa dzuwa limawononga vitaminiyo. Woyeza m'timapepala amene wakhala pa dzuwa pa benchi masiku angapo wataya ina. Koma cholinga cha boma chinali chakuti shuga wochepa amene mumadya kale abwere ndi phindu, osati muwonjezere masupuni. Vitamini A yemweyo ali mu mbatata yofiira mkati, maungu, mango, mapapaya, bonongwe, nkhwani, chisoso, mazira ndi chiwindi, ndipo zambiri mwa izi simugula.

Funso la matenda a shuga lija yankho lake si inde kapena ayi. Matendawa amabwera pamene thupi lalephera kuchotsa shuga m'magazi kupita naye kumene akagwire ntchito. Mtundu umene umagwira akuluakulu ambiri umayenderana ndi kunenepa kwambiri makamaka pamimba, kukhala osagwira ntchito yotulutsa thukuta, kukula ndiponso kumtundu. Kumwa zotsekemera tsiku ndi tsiku kumawonjezera chiopsezo. Koma alipo odwala amene sanakondepo shuga, ndipo pali mtundu wina umene umagwira ana popanda kulakwa kwa kholo, choncho tisamaloze chala wodwala. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuwonda uku ukudya, kufooka, kuona mwachimbuuzi ndi zilonda zosapola. Mukaona izi kayezetseni, ndi kadontho ka magazi ka pa chala basi. Amene muli nawo kale, kusiya shuga wa mu tiyi n'koyamba chabe. Mitanda inayi ya nsima ya ufa woyera nayonso imasanduka shuga. Chepetsani mitanda, sankhani mgaiwa, chulutsani masamba ndi nyemba, ndipo mankhwala musasiye. Achibale adziwenso ichi: munthu wa pa mankhwala a shuga akayamba kunjenjemera, thukuta ndi kusokonezeka atadumpha chakudya, kawirikawiri shuga wake watsika, ndipo ngati akutha kumeza mpatseni madzi a shuga msanga. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye ku chipatala.

Za mano sindichedwapo. Tizilombo ta m'kamwa timadya shuga n'kutulutsa zowawasa zimene zimabowola dzino, ndipo chowononga kwambiri ndi kudya zotsekemera pafupipafupi tsiku lonse, monga mwana amene sachotsa switi m'kamwa. Atsuke mano asanagone.

Tiwerengenso za m'thumba. Paketi ya kilogalamu imodzi ili ndi masupuni aang'ono osefa pafupifupi 250. Banja la anthu 6, aliyense akamathira masupuni 4 m'kapu imodzi pa tsiku, limatha masupuni 24, ndiye kuti paketi imatha masiku 10, mapaketi atatu pa mwezi. Mukatsitsa kufika pa masupuni awiri, mwapulumutsa paketi ndi theka. Mtengo wa paketi mukuudziwa kuposa ine, muwerenge nokha kuti ndi mazira angati kapena milu ingati ya usipa. Musatsitse kamodzi, banja lingakuukireni. Chotsani theka la supuni, padutse sabata kapena awiri, muchotsenso. Lilime limazolowera. Ndipo shuga athiridwe mu ketulo ndi munthu mmodzi, m'malo moika chitini pa mphasa kuti aliyense adzitapire.

Amene muli ndi dimba, mapando angapo a nzimbe m'mphepete ndi abwino, ana atafune m'malo mwa switi, zotsala mugulitse. Koma nzimbe imamwa madzi ambiri ndipo imakhala m'munda chaka chathunthu, choncho isalande malo a masamba ndi nyemba.

Ntchito ya sabata ino nayi. Nyumba iliyonse ilembe pa tsamba lakumbuyo kwa kabuku kano masupuni a shuga amene athiridwa tsiku lililonse kwa masiku 7, mu tiyi, m'phala ndi mu thobwa, komanso zakumwa ndi maswiti ogula. Amene kulemba kumavuta aziponya njere ya chimanga m'chitini pa supuni iliyonse. Musasinthe kathiridwe chifukwa choti mukuwerenga. Gulu loyamba libweretse nthochi zakupsa, nsinjiro ndi ufa wa mgaiwa, gulu lachiwiri chimera, gulu lachitatu mapoto ndi nkhuni. Tidzaphika phala la mitundu iwiri ndi thobwa wa mitundu iwiri, wothira shuga ndi wosathira, ndipo olawa sadzauzidwa kuti mbale iyi ndi iti. Mubwere ndi ana, chifukwa oweruza phala adzakhala iwowo.

A wapampando, ndabweza kwa inu kuti tilandire mafunso.